Barack Obama ku Nyumba ya Malamulo ya Illinois

Chigawo chilichonse cha dziko la America chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo. Ya Illinois imakumana ku Springfield, ndipo mbali yake yotchedwa Senate ili ndi aphungu 59. Barack Obama anali mmodzi mwa iwo kuyambira mu Januwale 1997 mpaka mu Novembala 2004, ndipo ankaimira dera la nambala 13, kummwera kwa mzinda wa Chicago.

Mpandowu unali wa mayi Alice Palmer. Mu 1995 mayiwa anakapikisana nawo pa mpando wa Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse, ndipo anavomereza kuti Obama adzalowe m'malo mwawo. Atagonja kwa Jesse Jackson Jr., anafuna kubwerera pa mpando wawo, koma Obama anakanitsitsa kuwapatsa mpata. Lamulo linkafuna kuti wopikisana aliyense asayiniridwe ndi ovota 757 olembetsedwa m'deralo. Anthu a Obama atafufuza mapepala a opikisana naye, anapeza kuti mayina ambiri anali osayenera. Palmer anasiya mpikisano, ena atatu anachotsedwa, ndipo pachisankho chachipulula cha chipani cha Democratic mu 1996 Obama anatsala yekha. Zonsezi zinali zololedwa ndi lamulo, komabe zinali ndale zouma mtima, ndipo anthu ena a m'deralo anakhala nacho kukhosi kwa zaka.

Obama anasankhidwanso mu 1998. Mu 2000 analimbana ndi Bobby Rush pa mpando wa Congress, koma anagwa chagada: Rush anapeza mavoti owirikiza pafupifupi kawiri. Mu 2002 anasankhidwanso pa mpando wake wa ku Springfield popanda wopikisana naye.

Ntchito yake inaonekera bwino mu 2003, chipani chake chitapeza aphungu ambiri mu Senate. Mtsogoleri wa nyumbayo, Emil Jones, anamupatsa mabilu akuluakulu, ndipo Obama anakhalanso wapampando wa komiti yoona zaumoyo. Lamulo lofunika kwambiri linali lokakamiza apolisi kujambula akamafunsa oganiziridwa milandu yakupha, pofuna kuthetsa khalidwe loumiriza anthu kuvomera mlandu. Apolisi analikana poyamba, koma iye anakambirana nawo mpaka anagwirizana. Lamulo lina linkafuna kuti apolisi azilemba mtundu wa dalaivala aliyense amene amuimitsa pamsewu, kuti tsankho lizionekera poyera.

Mu Novembala 2004 Obama anagonjetsa Alan Keyes ndi mavoti 70 pa 100 alionse n'kupita ku Senate ya dziko lonse. Mpando wake ku Springfield anautenga Kwame Raoul.