Corolla: dzina limodzi, matupi ambiri

Malonda a cimanga, nshawa ndi soya akatha, ena mwa ife alimi a ku Katete, Sinda ndi Vubwi timayamba kuganiza zogula kagalimoto. Dzina limene limabwera msanga pakamwa ndi Corolla. Koma Corolla yake iti?

Kampani ya Toyota inatulutsa Corolla yoyamba ku Japan mu 1966. Inali ya zitseko ziwiri, injini yake ya malita 1.1. M'Cilatini dzinali litanthauza kankhata kakang'ono ka maluwa. Mu 1967 kunabwera ya zitseko zinai ndi ina yaitali kumbuyo yonyamulira katundu. Kuyambira mu 1983 zambiri zinayamba kukoka ndi mawilo akutsogolo. Pofika mu 2021, zogulitsidwa dziko lonse lapansi zinali zitapitirira 50 miliyoni.

Zambiri zimene tiona mumseu wa Great East Road ndi zogwirapo kale nchito ku Japan. Anthu a kumeneko amayendera kumanzere monga ife, ndiye cifukwa cake ciwongolero cili kumanja. Matupi ake ndi awa: Spacio (1997) ndi yaitali m'mwamba, ndipo ina ili ndi mizere itatu ya mipando. Fielder (2000) ndi yaitali kumbuyo, mipando yake imapindika. RunX ndi Allex (2001) ndi zazifupi, buti yake ndi yaing'ono. Axio (2006) ndi saluni ya buti yakeyake.

Tsono tisankhe molingana ndi nchito. Wa matumba owerengeka a feteleza ayang'ane Fielder. Wa banja lalikulu aganizire Spacio, koma adziwe kuti mipando yakumbuyo ikakhala ndi anthu, malo a katundu atha. RunX ndi yooneka bwino, koma cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere: thumba lacitatu lidzasowa pokhala.

Komabe tisaiwale kuti palibe Corolla imene ili lole. Anthu akulu asanu amalemera ngati matumba 6 kapena 7 a makilogalamu 50. Tikawonjezapo cimanga pamwamba pa anthuwo, galimoto imakhuza pansi m'miseu ya kumidzi, masipuling'i amatha, ndipo mabuleki amacedwa kugwira.

Ndalama ya caka conse ca khasu isathere kwa makaniko. Ndipo amene tawanyamula kupita nawo ku Cipatala ca St Francis, ku maliro kapena ku Kulamba ku Mkaika, akafike amoyo ndi kubwerako amoyo.