Nyamakazi ya Okalamba: Za Mapazi

Mwezi wa June ukafika ku Lobi, m'mapiri a Dedza, chisanu chimaloŵa mpaka m'mafupa. Gogo amene adazoloŵera kulaŵirira kudimba kukathirira kabichi amapezeka ali chikhalire pamphasa dzuŵa litakwera. Mapewa auma, m'chiuno mwalimba, ndipo akati aponde pansi mapazi otupawo akukana. Achibale ena amati ndi ukalamba basi, pamene ena amanong'ona kuti gogoyo adaponda mankhwala panjira. Kaŵirikaŵiri onsewo amakhala ataphonya.

Pakati pa matenda ambiri amene Acheŵa amawatchula ndi dzina limodzi lakuti nyamakazi pali ena amene madokotala amati polymyalgia rheumatica. Dokotala wa ku Scotland, William Bruce, adawafotokoza m'chaka cha 1888, ndipo dzinali adapereka ndi Stuart Barber mu 1957. Amagwira anthu opitirira zaka 50, makamaka amayi. Ngofala kumpoto kwa Ulaya kuposa kuno, komabe anthu akuda nawonso amadwala. Chizindikiro chachikulu ndicho kuŵaŵa ndi kuuma kwa mapewa onse aŵiri, khosi ndi chiuno, makamaka m'maŵa, kwa mphindi zopitirira 45.

Nanga matenda a m'mapewa amafika bwanji kumapazi? Njira zake zilipo zitatu.

Poyamba, mwa odwala ena kutupa kumagwiranso misempha ya m'manja ndi m'mapazi, kotero kuti munthu akadina pamwamba pa phazi ndi chala pamatsala kadzenje.

Kachiŵiri, chiuno chikauma mayendedwe amasintha. Wodwala amakhwekhwereza mapazi, ndipo zidendene zimasenza thupi mosazoloŵera. Kuŵerama kumakanika, motero zikhadabo siziŵengedwa, minga siizulidwa, ndipo thekenya limakula popanda woliona.

Kachitatu, mankhwala enieniwo. Mapiritsi a prednisolone amachotsa ululu m'masiku oŵerengeka, moti wodwala amayesa chozizwitsa. Koma amamwedwa chaka chathunthu kapena zaka ziŵiri, ndipo m'nthaŵi imeneyo angathe kupyapyalitsa khungu, kufooketsa mafupa, kutupitsa miyendo ndi kukweza shuga m'magazi. Shuga akakhalitsa amapha mitsempha ya m'mapazi, ndipo kachilonda kamene mwini wake sakukamva kamasanduka bala losapola.

N'chifukwa chake nkoopsa kugula mapiritsiŵa kwa ogulitsa oyendayenda, ngakhale mnansi atawatama chotani. Nkoopsanso kuwasiya mwadzidzidzi, pakuti thupi limakhala litawazoloŵera. Mlingo wake amachepetsa pang'onopang'ono ndi dokotala. Ndiponso phazi limatupa pa zifukwa zina zambiri, monga matenda a mtima, a impso ndi a shuga. Wosiyanitsa zimenezi ndi wachipatala, atayeza thupi ndi magazi. Chipatala chapafupi chikalephera chimatumiza wodwala ku Dedza kapena ku Kamuzu Central, ku Lilongwe.

Pali chizindikiro chimodzi chosayenera kugonera. Wodwala akayamba litsipa lachilendo, nsagwada zikamaŵaŵa potafuna, kapena maso akachita chidima, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mitsempha ya magazi ya m'mutu ikatupa munthu angathe kuchita khungu osaonanso.

Zotsalazo ndi ntchito ya pakhomo. Mdzukulu asambitse mapazi a gogo tsiku ndi tsiku ndi madzi ofunda, osati otentha, apukute pakati pa zala, ndipo ayang'ane kuphazi ngati kuli ming'alu kapena chilonda. Pootha moto mapazi asayandikire makala. Gogo avale nsapato zomasuka, ndipo dzuŵa likafunda ayendeko pang'ono pabwalo, pakuti kugona tsiku lonse kumaumitsanso thupi.

Makolo adati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Koma wamkulu amene mapazi amkana safika pabwalo la milandu, pamaliro kapena kutchalitchi, ndipo nzeru zake zimatsalira naye m'nyumba.

Gawo lotsatira lidzafotokoza za mafupa ndi zakudya zowalimbitsa.