Phewa la agogo ndi lamulo la Newton: fizikisi ya posankha mfuti yosakira nyama

Agogo anga aamuna, omwe ankakhala cha kumadzulo kwa Namitete, ankakonda kusisita phewa lawo lakumanja kukamazizira. Tikawafunsa ankaseka n'kunena kuti, "Imeneyi ndi ntchito ya gogodela, mdzukulu wanga. Mfuti imaluma mbali zonse ziwiri." Pa unyamata wawo ankapita ku uzimba cha ku Dzalanyama, nthawi imene nguluwe zinkatha chimanga m'minda. Ine ndinkangoti ndi nthabwala za akuluakulu. Patapita zaka, ndikuphunzitsa fizikisi ku Fomu 3, mnyamata wina wa kwa Kabudula anakweza dzanja nati, "Sala, m'mafilimu munthu akawomberedwa amauluka n'kukagwera uko. Nanga wowomberayo bwanji sauluka?" Pomwepo ndinakumbukira phewa la agogo.

Lero tiyankha funso la mnzanuyo podzera pa funso lina limene alenje okhala ndi chilolezo amadzifunsa pogula mfuti: nditenge ya chipolopolo chachikulu bwanji? Ambiri amathera pa chapakati, osati chachikulu zedi. Chifukwa chake chili m'buku lanu lomwelo la MSCE, pamutu wa momentum ndi kinetic energy. Konzani cholembera, tiwerengera limodzi.

Kuchoka pa gogodela kufika pa bolt-action

Gogodela ndi mfuti yothirira kukamwa. Onga ndi chipolopolo zimalowera kutsogolo kwa mpope, ndipo ukawombera kamodzi uyenera kuyambiranso ntchito yonseyo. M'kati mwa mpope wake ndi mosalala, choncho chipolopolo chimatuluka mosalunjika bwino. Zambiri zinali zosula pamanja, ndipo zina zinkaphulikira mwini wake kumaso.

Mfuti ya bolt-action imalandira katiriji, komwe ndi kachigoba kachitsulo kosunga onga, ndi chipolopolo kumutu kwake. Kumbuyo kwa mpope kuli chitsulo chokhala ndi chogwirira, chimene chimagwira ntchito ngati kachitsulo kokhomera chitseko kaja: umakankha n'kukhotetsa, chitseko chatsekeka. Chitsulocho chikakankhidwa chimalowetsa katiriji, chikakhotetsedwa chimatseka kumbuyo kuti mpweya wotentha usabwerere kumaso kwa munthu. Chikakokedwa chimataya chigoba chopanda kanthu. Mfuti yotereyi ili ndi zigawo zochepa zoyenda, siivuta kutsuka, ndipo fumbi silimaisokoneza wamba. N'chifukwa chake alenje amaikonda.

Kapangidwe kotchuka kwambiri ndi ka Paul Mauser wa ku Germany, ka mu 1898, ndipo mfuti zambiri zosakira za masiku ano zinatengera pamenepo. Kuno kwathu imene anthu ankaidziwa bwino ndi Lee-Enfield ya .303, yomwe asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland ananyamula pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mpaka kukafika nayo ku Burma.

Manambala aja akutanthauza chiyani?

Mukamva kuti .22 kapena .308, amenewo ndi muyeso wa kunenepa kwa chipolopolo m'mainchi. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, ndiye .308 ndi mamilimita 7.8, pamene .22 ndi pafupifupi 5.6, ndipo .458 ndi 11.6. Ena amalemba manambala awiri m'mamilimita, monga 7.62×39. Yoyamba ikunena za kukula kwa chiboo cha mpope, yachiwiri ikunena kutalika kwa chigoba.

Apa pali msampha umene umakola ambiri. Chipolopolo cha 7.62×39 ndi cha .308 Winchester ndi zonenepa pafupifupi mofanana, koma mphamvu zake n'zosiyana. Chigoba cha .308 n'chotalika mamilimita 51, motero chimanyamula onga wambiri ndipo chipolopolo chimatuluka ndi liwiro lalikulu. Kunenepa kokha sikutiuza zonse. Tiyenera kudziwa kulemera ndi liwiro.

Mphamvu imene ikupita kutsogolo

Kinetic energy ndi ½mv². Kumbukirani kusintha magalamu kukhala makilogalamu, apo ayi mulakwa sumu yonse. Manambala ali m'munsiwa ndawazunguliza kuti kuwerengera kusavute.

.22 LR: magalamu 2.6, liwiro la mamita 370 pa sekondi. Mphamvu yake ndi majoule pafupifupi 180.

7.62×39: magalamu 8, mamita 715 pa sekondi. Majoule pafupifupi 2,000.

.308 Winchester, yomwe inatuluka mu 1952: magalamu 10, mamita 850 pa sekondi. Majoule pafupifupi 3,600.

.458 Winchester Magnum, ya mu 1956: magalamu 32, mamita 650 pa sekondi. Majoule pafupifupi 6,800.

Kuti mumvetse majoule 3,600, taganizirani thumba la feteleza la makilogalamu 50 likugwa kuchokera pamtengo wotalika mamita 7. Werengerani mgh, mupeza 3,500. Mphamvu yonseyo ili m'kanthu kolemera ngati theka la supuni yaikulu ya mchere. Chinsinsi ndi v² uja. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi.

Ziwiri zapakatizo, kuyambira 7.62×39 kufika pa .308, ndi zimene ndikuzitchula kuti zapakati m'nkhani ino. Ya .22 ndi ya tinyama ngati kalulu. Pa nguluwe kapena ngoma imangovulaza, nyama n'kukafera kutali patapita masiku ikuzunzika. Ndiye munthu angaganize kuti, basi, nditenge yaikulu kwambiriyo, nkhani ithe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mphamvu imene ikubwerera ku phewa

Mu 1687 Isaac Newton anafalitsa malamulo ake atatu a kayendedwe ka zinthu. Lachitatu likutiuza kuti chinthu chikakankha chinzake, nachonso chimakankhidwa ndi mphamvu yofanana koma molowera kwina. Mpweya wa onga ukukankha chipolopolo kutsogolo, ndipo nthawi yomweyo ukukankha mfuti kumbuyo. Asanakhethemule, momentum yonse ndi 0. Akakhethemula iyenera kukhalabe 0, choncho mv ya chipolopolo ifanane ndi MV ya mfuti.

Titenge mfuti yolemera makilogalamu 4. Pa .308, momentum ya chipolopolo ndi 0.01 × 850, yomwe ndi 8.5. Gawani ndi 4, mupeza kuti mfuti ikubwerera ndi liwiro la mamita 2.1 pa sekondi. Ikani mu ½MV², mupeza majoule 9. Zili ngati paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi yakugwerani paphewa kuchokera pafupifupi mita imodzi. Pa 7.62×39 ndi majoule 4 okha.

Tsopano .458. Momentum ndi 0.032 × 650, yomwe ndi 20.8. Mfuti ikubwerera pa mamita 5.2 pa sekondi, ndipo mphamvu yake ndi majoule 54. Apa ndiye ndi ufa wa makilogalamu 5 ukugwa kuchokera mita imodzi. Taonani bwino: kutsogolo mphamvu sinafike n'kowirikiza kawiri komwe poyerekeza ndi .308, koma kuphewa yawirikiza kasanu n'kamodzi. Komanso apa sitinawerengere mpweya wa onga, umene nawo umatuluka ndi liwiro lalikulu n'kuwonjezera kukankhako. Agogo sankanama. Mfuti imalumadi mbali zonse ziwiri.

Yankho la mnzanu wa kwa Kabudula lili pomwepa. Momentum ya 8.5 ikalowa yonse m'thupi lolemera makilogalamu 60, thupilo lingasunthe pa liwiro la mamita 0.14 pa sekondi basi, kochepera pa mayendedwe a nkhuku ikamatola chimanga. Chipolopolo chimapha chifukwa choboola ndi kuwononga za m'kati, osati chifukwa choulutsa munthu. Chikadakhala choulutsa wowomberedwa, chikadaulutsanso wowombera. A mafilimu amatinamiza, eti.

Milimita imodzi yokha

Mwina mukuti, kupweteka kwa phewa n'kanthu? Mwamuna apirire. Vuto si ululu wokha. Thupi la munthu limaphunzira. Likamenyedwa kawiri katatu, limayamba kudzikonzekeretsa lisanamenyedwe: maso amatsinzina, phewa limadzikankhira kutsogolo, dzanja limanjenjemera. Zimenezi zimachitika chipolopolo chisanatuluke, ndipo mwini wake sadziwa n'komwe.

Gwiritsani ntchito masamu a similar triangles. Mpope wotalika masentimita 60 ukasuntha milimita imodzi kukamwa kwake, pa mtunda wa mamita 100 chipolopolo chiphonya ndi masentimita pafupifupi 17. Malo a mtima ndi mapapo pa mbawala sakula kuposa mbale yodyera nsima. Kuphonya koteroko kumatanthauza kulasa m'mimba kapena mwendo. Agogo ankasimba za mnzawo wina amene analasa nguluwe pantchafu n'kuilondola m'tchire. Inamutembenukira n'kumung'amba mwendo, ndipo anatsimphina mpaka imfa yake. Nyama yovulala ndi yoopsa kuposa yamoyo bwinobwino.

N'chifukwa chake mlenje wodziwa amasankha chipolopolo chokhala ndi mphamvu yokwanira nyama imene akufuna, koma chimene phewa lake silikuchiopa. Amaonanso kulemera kwa mfuti. Yopepuka imakoma ponyamula tsiku lonse, koma M akachepa V amakula, ndiye imakankha kwambiri. Yolemera imafatsa paphewa koma imatopetsa mkono. Paliponse pamene wapindula, penapake walipira.

Nguli ndi mango

M'kati mwa mpope wa mfuti yamakono muli timizere topota. Timizereti timazungulitsa chipolopolo ngati nguli. Mwana aliyense amene anamenyapo nguli pabwalo akudziwa kuti imaima chilili pokhapokha ikamazungulira. Chipolopolo nacho chikamazungulira chimasunga mutu wake kutsogolo, osagubuduzika m'malere. M'mfuti zambiri za .308 chimazungulira kamodzi pa masentimita pafupifupi 30 aliwonse. Gawani 850 ndi 0.3: maulendo opitirira 2,800 pa sekondi imodzi. Gogodela wa agogo analibe timizere totere.

Koma kuzungulira sikuletsa kugwa. Chipolopolo chikangotuluka, dziko limayamba kuchikoka ngati mmene limakokera bango lothothoka mumtengo. Kuti chifike pa mamita 100 chimatenga pafupifupi masekondi 0.12, ndipo ½gt² ikutipatsa masentimita 7. Pa mamita 200 nthawi ndi pafupifupi 0.25 ndipo chagwa masentimita 30. Mtunda wawirikiza kawiri, kugwa kwawirikiza kanayi. Chipolopolo cha liwiro lochepa, ngati cha .458 kapena 7.62×39, chimakhalitsa m'malere, motero chimagwa kwambiri pa mtunda womwewo.

Mungayese zimenezi popanda mfuti. Ikani zitsekerero ziwiri za mabotolo m'mphepete mwa tebulo. Ndi rula, menyani chimodzi kuti chiuluke chammbali pamene chinacho chikungogwa pansi nthawi yomweyo. Mvetserani. Zonse zifika pansi limodzi.

Nanga zazikuluzo ndi za yani?

Zili ndi ntchito yake. Njovu, njati ndi mvuu zili ndi khungu lokhuthala ndi mafupa olimba, ndipo zimafuna chipolopolo cholemera chimene chingalowe patali osasweka. M'mayiko ambiri a kuno kummwera kwa Africa, a gemu olimbana ndi nyama zoopsa amanyamula .458 kapena .375 H&H, imene kampani ya Holland & Holland ya ku London inatulutsa mu 1912. Iwowa amaphunzitsidwa mwapadera. Ntchito yawo si yachilendo kwa ife: mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu National Park, ndipo nyama zikatuluka n'kulowa m'midzi, oitanidwa ndi a nthambi yoona za nyama zakutchire, osati munthu wamba ndi mfuti yake.

Kumene chipolopolo chimathera

Pali sumu imodzi imene sindifuna muiiwale. Chipolopolo cha .308 chikaphonya, mfuti italoza m'mwamba pang'ono, chingathe kuyenda makilomita opitirira atatu. Ngakhale ka .22 kaja kamapitirira kilomita imodzi. Tsopano imani pamunda uliwonse ku Nsaru, kwa Mpingu kapena ku Nambuma, muyang'ane uku ndi uku. Dera lathu ndi lachidikha, ndipo pa makilomita atatu pali midzi ingati, mijigo ingati, ana angati oweta mbuzi kudambo? Nthawi ya agogo kunali nkhalango yowirira. Lero kuseri kwa chitsamba chilichonse kuli munthu.

Malamulo nawo ndi omveka. Kusunga mfuti popanda chilolezo cha apolisi ndi mlandu pansi pa Firearms Act ya mu 1967, ndipo gogodela nayo ndi mfuti. Kusaka nyama kumafuna chilolezo chinanso chochokera ku nthambi ya nyama zakutchire. Lamulo la National Parks and Wildlife Act litakonzedwanso mu 2017, wopha nyama yotetezedwa kwambiri ngati njovu angathe kukhala kundende zaka zofika 30. Mukapeza katiriji kapena mfuti patchire, musaigwire, musaiponye pamoto. Uzani akuluakulu kapena apolisi.

Agogo anasiya kusaka ine ndisanabadwe. Ankati nyama zinatha, anthu anachuluka, ndipo phewa linali litanena kale zakukhosi. Sanaphunzirepo za Newton, koma lamulo lachitatu ankalidziwa ndi thupi lawo.

Ntchito yanu ndi iyi. Tengani .458 ija, koma mfuti ikhale ya makilogalamu 5 m'malo mwa 4. Pezani liwiro lobwerera ndi majoule ofika paphewa. Kenako pezani kuti mfutiyo ikanalemera makilogalamu angati kuti ikankhe ndi majoule 9 okha ngati .308, ndipo mudzifunse ngati pali munthu amene angainyamule kuchoka pa Namitete kukafika ku Dzalanyama wapansi.