Chiwongo cha Maseko: Kumene Chinachokera ndi Kumene Chinafika

Mphunzitsi watsopano amene atumizidwa ku sukulu za m'boma la Neno, kaya ku Ligowe, ku Lisungwi kapena kumapiri a kwa Dambe, adzaona chinthu chodabwitsa tsiku limene adzayamba kutsegula kaundula wa ana. Akafunsa anawo za mtundu wao, ambiri adzayankha kuti ali Angoni, ndipo akuluakulu a m'midzi adzaonjeza kunena kuti ndiwo Angoni a kwa Maseko. Koma akawerenga maina m'kaundulamo kuyambira pamwamba kufikira pansi, adzapeza a Phiri, a Banda, a Mbewe ndi ena otere, pamene dzina la Maseko lidzaoneka mwa apo ndi apo, kapena osaoneka konse. Tsono funso ndi ili: dzina limene mtundu wonse utchedwa nalo lisowa bwanji pakati pa eni ake? Yankho lake lili m'mbiri ya ulendo wautali, ndiponso m'malamulo amene anthu atsata popatsana maina.

Chiwongo ndi dzina la makolo

Munthu aliyense wa kumudzi ali ndi maina a mitundu iwiri. Loyamba ndilo dzina lake la iye mwini, limene apatsidwa ali khanda kapena pa chinamwali. Lachiwiri ndilo dzina la fuko lake, limene sasankha yekha koma abadwa nalo. Achewa ndi Amang'anja alitcha mfunda, ndipo mifunda yao yakale ndiyo Phiri, Banda, Mwale ndi Mbewe. Angoni alitcha chiwongo, ndipo liuli lichokera ku liu la Chizulu lakuti isibongo. Ili ndilo dzina laulemu. Munthu akalandira chakudya kapena mphatso, athokoza potchula chiwongo cha wopatsayo. Mkazi aitanidwa ndi chiwongo chomwecho, koma patsogolo pake aikapo Na-, monga Naphiri, Nabanda, Nangozo.

Liu lakuti Maseko si la Chichewa iai. Ana ena ayesa kuti lichokera ku kuseka, ndipo mphunzitsi ayenera kuwongola ganizo limeneli, pakuti kufanana kwa mau m'makutu si umboni wa ubale wao. M'Chizulu amaseko, ndi m'Chiswati emaseko, ndiyo miyala itatu ya pamoto imene mkazi aterekapo mphika, ndiyo mafuwa m'chinenero cha kuno.

Kwao kwa dzinali

Kwao kwenikweni kwa Amaseko ndi chigwa cha mtsinje wa Usuthu, m'dziko limene linatchedwa Swaziland kufikira chaka cha 2018, ndipo tsopano litchedwa Eswatini. Kumeneko anali fuko lokhala ndi mafumu akeake. M'zaka za m'ma 1820 maiko a kummwera anagwedezeka ndi nkhondo za m'masiku a Shaka, mfumu ya Azulu, ndipo magulu ambiri a anthu anasiya midzi yao nalowera kumpoto. Limodzi la magulu amenewa linatsogozedwa ndi Ngwane Maseko. Gulu lina linatsogozedwa ndi Zwangendaba wa chiwongo cha Jere, amene anawoloka Zambezi m'mwezi wa November 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa. Kwa Zwangendaba kunachokera mafumu a M'mbelwa ku Mzimba ndi a Mpezeni ku Chipata.

Apa ophunzira ambiri asokoneza. Ajere ndi Amaseko onse ndi Angoni, koma sanayende pamodzi. Amaseko anawoloka Zambezi paokha, pa nthawi yao ndi pa dooko lao. Chifukwa chake sikuyenera kuphunzitsa ana a ku Neno kuti makolo ao anadza ndi Zwangendaba, monga ngati Angoni onse anali gulu limodzi.

Ngwane atamwalira, ufumu unagwera mwana wake Mputa. M'masiku ake Amaseko anapitirira kumpoto, nawoloka Shire, nadzera kum'mawa kwa nyanja ya Malawi, nakafika ku Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Kumeneko anakhala zaka zambiri. Pambuyo pake kunafika Angoni ena amene anapatuka pa gulu la Zwangendaba iye atamwalira. Poyamba magulu awiriwa anakhalira limodzi, koma kenaka anayambana, ndipo Mputa anaphedwa. Mbale wake Chidyaonga anasonkhanitsa otsala nabwerera nao kummwera, nawolokanso Shire. Cha m'ma 1870 anakhazikika pa phiri la Domwe, limene lero lili m'boma la Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Ulendo wonsewo, kuchokera ku Usuthu kufikira ku Domwe, unatha zaka ngati makumi asanu, kotero kuti ambiri amene anauyamba sanaone mathero ake.

Ku Domwe ndi pambuyo pake

Chidyaonga anasunga ufumu m'malo mwa Chikuse, mwana wa Mputa, kufikira pamene anamwalira. Mu ufumu wa Chikuse mphamvu ya Amaseko inakula zedi, ndipo m'chaka cha 1884 ankhondo ake anawoloka Shire nakathira nkhondo kumapiri a ku Blantyre. Dziko la Neno lili pakati pa mapiri a kumalire ndi mtsinje wa Shire, ndipo mitsinje ya Lisungwi ndi Wamkulumadzi itsika m'menemo. Chotero anthu ake akale, Amang'anja ndi Ambo, anali pafupi ndi dzanja la Angoni. Amene anagonja analowa pansi pa nduna za mfumu, ndipo anyamata ao anaphunzira kugwira chishango ndi kuvina ngoma.

Chikuse anamwalira m'chaka cha 1891, ndipo mwana wake Gomani analowa ufumu. M'zaka zimenezo panali nkhondo ya pachiweniweni pakati pa a nyumba ya Chikuse ndi a nyumba ya Chidyaonga, ndiye Chifisi ndi womtsata wake Kachindamoto, amene pambuyo pake anakakhala ku Mtakataka m'boma la Dedza. Chaka chomwecho cha 1891 Angelezi ndi Apwitikizi anapangana za malire ao, ndipo mzere umene analemba unadula dziko la Amaseko pakati. M'chaka cha 1896 asilikali a boma la Angelezi anagwira Gomani namupha. Kuyambira pamenepo banja limodzi linakhala m'maiko awiri: a kwa Zintambira ku Angónia, ndi a kwa Gomani ku Ntcheu. Philip Gomani, amene anachotsedwa pa ufumu m'chaka cha 1953 chifukwa chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anali wa banja lomweli.

Chifukwa chake dzinali lisowa

Zifukwa zake zilipo zitatu. Choyamba ndi chakuti Maseko chinali chiwongo cha banja lachifumu, osati cha gulu lonse. Ngakhale amene ananyamuka ndi Ngwane anali a ziwongo zosiyana, monga Ngozo, Nzunga, Magwagwa ndi Phungwako. Panjira gululo linakula chifukwa cha anthu ogwidwa kunkhondo ndi ena odzipereka okha, a mitundu ya kummwera kwa Zambezi, a ku Songea, ndi makamaka Achewa a kufupi ndi Domwe. Munthu wotere analandiridwa monga Mngoni, napatsidwa malo m'mudzi ndi m'gulu la ankhondo, koma sanapatsidwe chiwongo cha mfumu. Phiri anakhalabe Phiri, Mbewe anakhalabe Mbewe. Mau akuti Angoni a kwa Maseko atanthauza anthu a mfumu Maseko, monga anthu a kwa Mlauli kapena a kwa Chekucheku sali onse ana a mafumuwo.

Chachiwiri ndi lamulo la kubadwa. Mwa mwambo wa Angoni mwamuna apereka malowolo, ndipo ana ali a bambo, natenga chiwongo chake. Mwana wamkazi wa kwa Maseko akakwatiwa, ana ake atenga chiwongo cha mwamuna wake, ndipo dzina la mai lithera pomwepo. Mwambo wakale wa Achewa ndi Amang'anja unali wina: mwamuna analowa chikamwini, ana anali a kuchikazi, ndipo mwini mbumba anali malume. Miyambo iwiriyi itakomana inasinthana zinthu. Angoni ambiri a ku Ntcheu ndi ku Neno analandira chikamwini ndi chinenero cha Chichewa, pakuti amai amene analera ana ao anali a dziko lino. Koma anthu ambiri a kuchikazi nawonso anayamba kutchula mfunda wa bambo. Chifukwa chake mwana mmodzi akhoza kulima munda wa kwa amai ake, koma nathokozedwa ndi chiwongo cha atate ake.

Chachitatu chinadza ndi zolembera. Pamene alembi a msonkho, aphunzitsi a mishoni ndi olemba anthu a ku migodi, monga a Wenela, anayamba kufuna dzina lachiwiri la munthu aliyense, kawirikawiri anafunsa kuti atate wake ndani, nalemba dzina la atatewo. Dzina lija linakhazikika pa mapepala, nilitsikira kwa ana ndi adzukulu. Mafumu eni ake nawonso adziwika ndi maina a makolo ao, monga Gomani ndi Kachindamoto, ngakhale ali a fuko la Maseko. Tsono kaundula wa sukulu sasonyeza ziwongo zonse zimene zili m'kalasi, pakuti chiwongo cha ana ambiri chabisika kuseri kwa dzina la agogo.

Kumene dzinali lipezeka

Pa mapu dzinali lioneka m'zigawo ziwiri zotalikirana. Chachikulu chili kummwera, ku Eswatini ndi ku South Africa, kumene a Maseko ali ambiri, pakuti si onse anachoka ndi Ngwane. Job Maseko, msilikali wa ku South Africa amene anamiza chombo cha Ajeremani pa dooko la Tobruk m'chaka cha 1942 ali wandende wa nkhondo, anali wa dzina limeneli. Chigawo chachiwiri chili kumpoto kwa Zambezi: ku Angónia, ku Ntcheu, ku Dedza ndi m'maboma oyandikana nao monga Neno, Mwanza ndi Balaka. Neno linakhala boma palokha m'chaka cha 2003, litapatulidwa ku Mwanza. Anthu a zigawo zimenezi asonkhana chaka ndi chaka ku Nkolimbo m'boma la Ntcheu pa mwambo wa Umhlangano, pamaso pa Inkosi ya Makhosi Gomani V, amene analongedwa ufumu m'chaka cha 2012. Amene afuna kudziwa makhalidwe a Angoni m'masiku a atsamunda adzapeza zambiri m'buku la Margaret Read, The Ngoni of Nyasaland, la chaka cha 1956.

Maina a mitundu ina

Malamulo amenewa sali a Angoni okha. Kum'mawa kwa Ulaya kuli mitundu yotchedwa Asilavo, monga anthu a ku Poland, ku Russia ndi ku Serbia, ndipo maina ao nawonso ali ndi matanthauzo. Ku Poland dzina lakuti Kowalski lichokera ku kowal, ndiye wosula zitsulo, ndipo mkazi wa banjalo atchedwa Kowalska. Iwo asintha mathero a dzina posonyeza mkazi, pamene kuno aika Na- patsogolo. Dzina limodzi losowa la mtundu umenewu linamveka kwambiri m'dziko loyandikana ndi Malawi. Adam Kozłowiecki, wansembe wa ku Poland amene anapulumuka ku ndende za Auschwitz ndi Dachau, anafika ku Northern Rhodesia m'chaka cha 1946, nakhala Arkiepiskopi wa Lusaka kuyambira 1959 kufikira 1969, namwalira m'chaka cha 2007. Muzu wa dzina lake ndi liu la Chipolishi lotanthauza tonde. Dzinalo linadziwika m'Zambia yense, koma popeza mwini wake anali wansembe wosakwatira, silinasiye mbumba kumeneko. Apa paoneka kuti dzina lifala ndi ana obadwa, osati ndi kutchuka kwa mwini wake.

Ntchito ya mphunzitsi

Mphunzitsi akhoza kusandutsa nkhani imeneyi phunziro la mbiri ndi la mapu pamodzi. Atume ana kukafunsa agogo ao mafunso atatu: chiwongo cha atate, mfunda wa amai, ndi dziko limene makolo anachokera. Mayankho alembedwe pa bolodi m'mizere itatu. Atatero ajambule mapu osonyeza Usuthu, Zambezi, Shire, Songea ndi Domwe, ndipo ana alondole ulendowo ndi chala. Maina alembedwe monga eni ake awatchula, osawakonza kuti amveke ngati Chichewa kapena Chingelezi, pakuti dzina lolembedwa molakwa m'kalasi yoyamba litsata mwana kufikira pa mapepala a mayeso ndi pa chiphaso chake.

Koma pali chenjezo. Phunziroli lingathe kubala kunyada ndi kunyozana ngati mphunzitsi sasamala. Mwana wa chiwongo cha kummwera asayesedwe Mngoni woposa mnzake wa kwa Phiri, ndipo mau akale onyoza ogwidwa kunkhondo asamveke m'kalasi. Mwana amene sadziwa chiwongo cha atate wake asaumirizidwe pamaso pa anzake, koma atchule cha kwa amai, ndipo chilandiridwe ndi ulemu womwewo. Mphika sukhala pa fuwa limodzi, ndipo Angoni a ku Neno aima pa makolo a mitundu yambiri. Mphunzitsi amene adziwa zimenezi adzawerenga kaundula wake mosamala, nadzalemba dzina la mwana aliyense monga liyenera.