Kukonza Sitima ya Mawaya

Kwathu ku Phalombe kulibe njanji. Wofuna kuona sitima ya pamtunda ankapita ku Luchenza, pa njanji imene inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908. Malemu agogo anga ataiona kumeneko anandipangira sitima ya mawaya, ndipo ndi chinthu chokhacho chimene anandisiyira. Pa tchuthi chathachi ndinaipeza itachita dzimbiri, mateyala awiri atathothoka. Nayi njira imene ndinaikonzera.

Poyamba ndinapala dzimbiri ndi mchenga, kenaka ndinapaka mafuta a njinga. Chenjerani abale, bala la waya wauve lingathe kubweretsa kafumbata.

Chachiwiri ndi mateyala. Agogo anapanga mateyalawo ndi zitini za polishi wa nsapato. Zitinizo zifanane kukula, ndipo bowo likhale pakati penipeni. Kupanda kutero sitima imakhotera mbali imodzi.

Chachitatu ndi chitsulo cholumikiza mateyala. Waya wamba sachedwa kupindika, koma sipoko ya njinga ndi yolimba. Masipoko akale ndinapempha kwa wokonza njinga pa msika wa Migowi, pamodzi ndi chubu chakutha. Chubucho ndinalenga malegeni omangira pamene mawaya akumana.

Pomaliza, osachotsa chimene chikadali bwino. Mutu wa sitimayo sindinaukhudze, pakuti luso la agogo likuoneka pamenepo.

Lero mng'ono wanga akuiyendetsa pabwalo. Ndamulonjeza kuti tidzapita ku Museum ya ku Chichiri kukaona mutu wa sitima weniweni wa makedzana.