Nsima Ikayamba Kukakamira Pakhosi

Kumidzi ya m'tsinde mwa mapiri a Mafinga, cha ku Chisenga, ndinacheza ndi bambo wina wachikulire amene anandiuza kuti ali ndi njerewere kummero. Anayamba ndi kulephera kumeza nyama, kenaka mbamu ya nsima, ndipo tsiku lomwe ndinawapeza n'kuti akungomwa phala lamadzimadzi. Achibale awo anali asanawatengere ku chipatala poganiza kuti njerewere imatha yokha.

Njerewere za m'njira ya chakudya zilikodi, koma sizipezekapezeka. Njira imeneyi imachokera kummero kukafika m'chifu, ndipo mwa munthu wamkulu imatalika masentimita pafupifupi 25. Kanjerewereko, komwe madokotala amakatcha papilloma, kamakhala koyera, kofewa, ndipo kawirikawiri kamamera kamodzi kokha, kosaposa kukula kwa nyemba. Akatswiri amaganiza kuti kamayamba chifukwa cha asidi wa m'chifu amene amabwerera m'mwamba n'kumawotcha njirayo, monga achitira anthu odwala chilungulira, kapena chifukwa cha kachilombo ka HPV komwe kamayambitsanso njerewere za pakhungu. Anthu ambiri amene ali nako sadziwa n'komwe. Dokotala amangokapeza pamene akufufuza matenda ena.

Mwa anthu owerengeka zedi njerewerezi zimachuluka n'kuyala njira yonse. Zikatero chakudya chimadutsa movutikira, ndipo pa odwala ena otere khansa yapezekapo. N'chifukwa chake dokotala akakaona sakasiya: amakabudula ndi kampani kakang'ono n'kukatumiza kokapimidwa.

Chimene chinandidetsa nkhawa pa bambo aja n'chakuti kanjerewere kamodzi sikaletsa munthu kumeza nsima. Dziko la Malawi lili m'gulu la maiko amene khansa ya kummero yafala koposa pa dziko lonse lapansi, ndipo mayambidwe ake ndi omwewa: zolimba zimakakamira, zofewa zimatsatira, thupi limatha, pomaliza ngakhale malovu sapita. Palibe sing'anga, palibenso woyang'anira za umoyo ngati ine, amene angasiyanitse ziwirizi pongoyang'ana m'kamwa. Pamafunika kachubu kokhala ndi nyali ndi kamera, komwe amakalowetsa kukamwa mpaka m'chifu. Ntchito imeneyi imachitika m'zipatala zazikulu, ndipo kwa ife a ku Chitipa ulendo wake ndi wa ku Mzuzu, mutalandira kalata ku chipatala cha boma. Ndikudziwa kuti ndi kutali ndipo ndalama yoyendera ndi yovuta. Komabe wofika mochedwa kawirikawiri amangoikidwa kachubu kachitsulo kotsegula njirayo kuti azitha kudya, matendawo osachoka.

Fodya, kaya wosuta kaya wa phuno ndi wa m'kamwa, pamodzi ndi kachasu, zimawononga njira ya chakudya. Utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera nawonso akuukayikira. Kuno kumapiri kumazizira, ndipo tonse timakonda tiyi ndi phala zongophula kumene, koma m'chaka cha 2016 akatswiri a khansa a bungwe la World Health Organization analengeza kuti zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 zikhoza kuyambitsa khansa imeneyi. Dikirani pang'ono zipole.

Bambo aja ananyamuka ndi mwana wawo wamwamuna Lolemba lotsatira, atagulitsa thumba la nyemba kuti apeze yokwerera galimoto.