ANTHU OLOWA M'MAPANGA A PANSI PA MADZI

Amene anafikako ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, anaona anthu akumira dala m'nyanja atabereka mabotolo acitsulo kumsana. M'mabotolomo muli mpweya wopopera, ndipo munthu amapuma ndi paipi ya kukamwa monga ali pamtunda. Cipangizo cimeneci anacikonza ndi Jacques Cousteau ndi Emile Gagnan ku France m'caka ca 1943. Ku Cape Maclear anthuwo amakaona mbuna, tinsomba tokongola tokhala m'ming'alu ya miyala.

Ena amalowa m'mapanga eni-eni. Anzathu amene anagwirako nchito ku Zimbabwe adziwa mapanga a Chinhoyi, m'mene muli dziwe lochedwa Chirorodziva, lakuya kupitirira mamita 100.

Nanga coopsa m'phanga nciani? Panyanja poyera, munthu akaona bvuto amangokwera kukapuma pamwamba. Koma m'phanga pamwamba pace pali thanthwe. Phazi likangobvundula matope a pansi, madzi onse amada bii, khomo osaonekanso, mpweya nkumatha.

Cifukwa cace akatswiri ali ndi malamulo. Loyamba: amamanga cingwe pakhomo ndi kumacitambasula polowa, kuti pobwerera acitsate ndi dzanja ngakhale mumdima. Laciwiri: yense amatenga nyali zitatu. Lacitatu: mpweya amaugawa patatu monga mlimi wanzeru agawira nkhokwe yace, gawo limodzi lolowera, lina lobwerera, lotsalalo losungira tsoka.

Tsono tiganize za kwathu kuno ku Milonde. Mitsinje ya Ruo ndi Muloza iri ndi maiwe akuya, ndipo kumtsinje wa Likhubula kuli Dziwe la Nkhalamba. Anyamata amapikisana kulowa kunsi kwa miyala ya m'maiwe otere, alibe botolo, alibe cingwe, alibe nyali. Madzi ocokera m'phiri la Mulanje ngozizira, amalemetsa manja ndi miyendo msanga. Ndiponso mvula ikagwa kuphiri, mtsinje umadzala mwadzidzidzi ngakhale kumudzi kuli dzuwa.

Makolo ndi mafumu, uzani ana izi: asasambire okha, asadumphire pamadzi osaoneka pansi, asalowe kunsi kwa thanthwe. Wina akamira, musadziponye m'madzi pomtsata. Mponyereni cingwe kapena nsungwi, muitane akulu. Ngati munthu wophunzira nchito imeneyi amaopa phanga ali ndi mpweya kumsana, nanga mwana wanu amene ali ndi wa m'cifuwa wokha?